Zoopsa Zimene Alonda a Nyama Amakumana Nazo ku Nkhotakota

Munthu wochokera ku Dwambazi, kumalire a Nkhotakota ndi Nkhata Bay, akaoloka mtsinje wa Dwangwa kuloŵera kumwera amaona mapiri a mitengo yambiri kudzanja lamanja. Imeneyo ndiyo nkhalango yosungirako nyama ya Nkhotakota. Kale munali njovu pafupifupi 1,500, koma pofika mu 2015 zinatsala zosakwana 100 chifukwa cha anthu opha nyama mozemba. Chaka chomwecho boma linagwirizana ndi bungwe la African Parks kuti liziyang'anira nkhalangoyi, ndipo mu 2016 ndi 2017 njovu pafupifupi 500 anazisamutsira kumeneko kuchokera ku Liwonde ndi Majete.

Tsono njovu zikachuluka, ofuna minyanga nawonso amadzuka. Amene amaima pakati pa njovu ndi mfuti ndi alonda a nyama, aja ambirife timangoti "a gemu". Iwo amagona m'tchire masiku angapo, kutsata mapazi ndi kutchola misampha ya waya. Munthu wonyamula mfuti ya gogodela akakumana nawo maso ndi maso sakhala ndi nthaŵi yokambirana. Lamulo la nyama zakutchire litakonzedwanso mu 2017, chilango cha milandu ikuluikulu chinafika zaka 30 m'ndende. Lamuloli ndi labwino, komabe wopalamula amene akudziŵa chimene chikumudikira angathe kusankha kuombera m'malo mogwidwa. Ku Virunga, m'dziko la Congo, alonda oposa 200 anaphedwa ali pantchito.

Zoopsa zina zimachokera kwa nyama zomwe akuzitetezazo. Mu Meyi 2019, msilikali wa ku Britain, Mathew Talbot, anaphedwa ndi njovu ku Liwonde akulondera pamodzi ndi anzake. M'mitsinje ya Bua ndi Dwangwa muli ng'ona, ndiponso dera la Nkhotakota limadziŵika ndi kashembe, ntchentche yofalitsa matenda a kaodzera.

Koma vuto lalikulu koposa, m'kuona kwathu, lili kumudzi. Kaŵirikaŵiri mlonda ndi wotchera misampha amagula mchere pamsika umodzi, ana awo amaphunzira sukulu imodzi, mwinanso ndi apachibale. Njovu ikathyola mpanda ndi kudya chinangwa cha mlimi, mkwiyo wonse umagwera mlonda, ngakhale kuti si iye anaiitana. Mudzi ukamuda mlonda, umabisa mlendo wodzagula minyanga. Ukamukhulupirira, umamtsina khutu mfuti isanalire. Pachifukwa ichi, kufulumira kuthandiza mlimi amene mbewu zake zaonongedwa ndi njira yotetezera moyo wa mlonda, monga momwe zilili nsapato zolimba ndi wailesi ya m'manja.

Mutu umodzi susenza denga. Aphunzitsi a m'mbali mwa nyanja ali ndi mwaŵi wofotokozera ana kuti nkhalango imasunga madzi a mitsinje imene mpasa zimakwerako kukaswana, choncho msodzi nayenso amapindula ndi ntchito ya mlonda. Achinyamata omaliza sukulu amene akufuna ntchitoyi ailoŵe akudziŵa kulemera kwake. Pa 31 Julaye chaka chilichonse dziko lapansi limakumbukira alonda amene anafera kuntchito. Ndi bwino kuti patsikuli mafumu, alimi ndi alonda azikhala pansi pamodzi ndi kukambirana madandaulo awo poyera.