Woyimba Amene Sadathawe Belfast

Akuluakulu ambiri, kuphatikizapo ena mwa makolo athu, akamva gitala ya magetsi ikulira amangoti ndi phokoso la kumowa, ndipo mnyamata amene akukonzekera unsembe alibe nalo ntchito. Sindifuna kulimbana nawo pa nyimbo zonse, pakuti zina nzachabedi. Koma ndikufuna kuikira kumbuyo gulu limodzi la ku Ireland lotchedwa Taste ndi mtsogoleri wake, Rory Gallagher. Maganizo anga ndi akuti dzina la munthuyu lakhalitsa chifukwa ankafika kumene anthu ali, ngakhale pamene kufikako kudali koika moyo pachiswe. Ife aseminale tili nako kanthu koti titolepo.

Gallagher adabadwa pa 2 Malichi 1948 ku Ballyshannon ndipo adakulira mumzinda wa Cork, kumene adaphunzira pa sukulu ya abulazala yotchedwa North Monastery. Ali mwana ankatchera khutu pa wailesi kumvera blues, nyimbo zimene zidayamba pakati pa anthu akuda a kumwera kwa America, zidzukulu za akapolo, podandaula za umphawi, ntchito yakalavulagaga ndi chikondi chosweka. M'chaka cha 1963, ali ndi zaka 15, adagula gitala yogwirapo kale ntchito ya mtundu wa Fender Stratocaster pa mtengo wa mapaundi 100. Gitala imeneyi sadasiyane nayo mpaka imfa, ndipo penti wake adachita kutha, nkutsala thabwa lokha.

Gulu la Taste adaliyambitsa mu 1966, ndipo kuchokera mu 1968 ankayimba ndi Richard McCracken pa besi ndi John Wilson pa ng'oma. Anthu atatu basi. Aliyense amene adayimbapo m'kwaya yaing'ono akudziwa kuti mukachepa palibe pobisala. Wina akaphonya, tchalitchi chonse chimamva. Anyamatawa ankatenga nyimbo imodzi nkuitambasula, wa gitala akuponya mawu, wa ng'oma ndi wa besi akuyankha, kotero kuti nyimbo imene wamva Lolemba ukaimvanso Loweruka inkatuluka mwina. Mu Novembala 1968 adayimba ku Royal Albert Hall ku London pa tsiku limene gulu lotchuka la Cream linkatsazikana ndi anthu. Pa 28 Ogasiti 1970 adayimba pa chikondwerero cha pa chilumba cha Isle of Wight pamaso pa khamu la anthu zikwi mazanamazana, ndipo anthu adawabweza pa nsanja kangapo. Nthawi imeneyo nkuti m'gulumo muli kale mkangano wa ndalama, ndipo chaka chomwecho chisanathe gululo lidapasuka.

Taonani, gulu limene lidakhala zaka 4 zokha ndipo lidajambula zimbale ziwiri zokha mu situdiyo, Taste mu 1969 ndi On the Boards mu 1970, likukambidwabe patapita zaka zoposa 50. Amene adalikumbukitsa ndi anthu amene adaliona ndi maso, nakafotokozera anzawo ndi ana awo.

Koma chimene chimandigwira mtima kwambiri chidachitika ku Belfast, mzinda umene Taste idakhalamo nkumayimba isanatchuke. Kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, kumpoto kwa Ireland kudabuka ziwawa pakati pa ofuna kukhalabe pansi pa Britain, amene ambiri adali Aprotestanti, ndi ofuna kuphatikizana ndi dziko la Ireland, amene ambiri adali Akatolika. Pofika pa pangano la mtendere la pa Lachisanu Loyera mu 1998, anthu oposa 3,500 adali atafa. Chaka choipitsitsa chidali 1972, pamene adaphedwa anthu pafupifupi 500. Magulu oyimba akuluakulu adasiya kupondako phazi. Gallagher, amene tsopano adali ndi gulu la dzina lake pamodzi ndi Gerry McAvoy pa besi, adayimba mu Ulster Hall pa 1 Januwale chaka chomwecho cha 1972, mabomba akuphulika mumzindamo masiku amenewo. M'holomo mudadzaza achinyamata a mbali zonse ziwiri, amene kunja sakadayenda msewu umodzi. Ndipo ankabwererako chaka ndi chaka. Ngakhale mu Julayi 1975, pamene zigawenga zidapha oyimba atatu a gulu la Miami Showband pamsewu akuchokera kokayimba, iye sadaleke.

Sadapite kukalalikira za ndale ndipo sadasankhe mbali. Adapita ndi gitala, nayimba maola awiri kapena kuposerapo, malaya ali chonyowa ndi thukuta. Chimbale chake cha Irish Tour '74, chimene chidajambulidwa ku Belfast, Dublin ndi Cork, chimatimvetsa mmene anthuwo ankamulandirira. Ndani mwa ife akamva zimenezi sakumbukira fanizo la Ambuye la mbusa amene amakhala ndi nkhosa mmbulu ukabwera, pamene waganyu amaliyatsa liwiro?

Njira zachidule zopezera chuma ndi kutchuka zidalipo, koma sadazitsate. Ankakana kutulutsa nyimbo imodziimodzi zongofuna kuti zimveke pa wailesi ndi kugulidwa msanga. Mu 1972 owerenga nyuzipepala ya zoyimba ya Melody Maker adamusankha kukhala katswiri wa gitala woposa onse, kupambana Eric Clapton, koma iye adapitiriza kukwera pa nsanja atavala malaya a mandalasi ndi jinzi ngati mnyamata wa pagalaja. Mu Januwale 1975 gulu la Rolling Stones, limene linkafuna wa gitala watsopano, lidamuitana ku Rotterdam. Adayimba nawo masiku ochepa, kenaka adanyamuka kupita ku Japan kumene adali atalonjeza kale kukayimba. Mapanga awiri avumbwitsa. Iye adasunga lonjezo limene adali nalo.

Tsono makolo anganene kuti, "Nanga mathero ake?" Funso limeneli nlolondola ndipo sindilizemba. Gallagher sadali woyera woti timuike pa guwa. M'zaka zake zomaliza ankaopa kwambiri kukwera ndege, ankamwa mankhwala amphamvu ochepetsa nkhawa, ndiponso ankamwa mowa. Zinthu ziwirizi zidamuwonongera chiwindi. Adayimba komaliza ku Netherlands mu Januwale 1995 ali wodwala, adamuika chiwindi china ku London, ndipo adamwalira pa 14 Juni 1995 ali ndi zaka 47. Akuluakulu adati ng'oma yolira bwino sichedwa kung'ambika. Munthuyu sadakwatire, moyo wake wonse udali pa ulendo ndi pa nsanja, ndipo zikuoneka kuti amene ankasangalatsa zikwi za anthu ankabwerera kunyumba yekhayekha. Ife amene tikukonzekera moyo wosakwatira tisaliwerenge mothamanga phunziro limeneli. Wodzipereka kwa anthu ayenera kukhala ndi abale omuuza zoona, nthawi yopuma ndi pemphero lomuchirikiza, apo ayi botolo lidzalowa m'malo mwa zonsezi. Komabe kugwa kwake sikufafaniza zimene adachita ku Belfast, monganso zimene adachita ku Belfast sizisandutsa mowa kukhala chinthu chabwino.

Mbiri yake yaima pa zinthu zooneka. Brian May wa gulu la Queen wakhala akufotokoza kuti ali mnyamata wosadziwika adamudikira Gallagher atatha kuyimba ku Marquee Club ku London namufunsa chinsinsi cha kaliridwe ka gitala yake, ndipo iye adamuonetsa zipangizo zake mosabisa kanthu. Mzinda wa Cork udatcha bwalo lina dzina lake mu 1997. Ku Ballyshannon kudaimikidwa chiboliboli chake mu 2010. Mu Okutobala 2024 gitala yothetheka penti ija idagulitsidwa pa mtengo woposa mapaundi 800,000 ndipo idaperekedwa ku National Museum of Ireland. Mu Januwale 2025 anthu a ku Belfast adaimika chiboliboli china panja pa Ulster Hall, patapita zaka 53 chiyimbireni m'menemo mabomba akulira. Mzinda umene ukadali ndi makoma olekanitsa anthu a mbali ziwiri udagwirizana pa munthu mmodzi wa ku Cork.

Anzanga aseminale, ena mwa ife timalota za kukhala alaliki omveka, olemba nyimbo za Misa zotchuka kapena opita kukaphunzira ku Roma. Zimenezi sizoipa. Koma funsani akhristu a kumidzi za wansembe amene amamukumbukira. Kawirikawiri sadzakuuzani ulaliki wake. Adzakuuzani kuti adabwera kudzapereka sakramenti la odwala mtsinje utadzaza, kuti adafika pa maliro nthawi ya kolera, kuti nthambi yakutali sankailumpha pa ndandanda wa Misa. Khalidwe lotere limayamba kuno ku seminale, pofika pa ntchito ya m'munda dzuwa likuswa mtengo, pa kuphunzira kwaya pamene palibe mlendo wodzationa, ndi pa bedi la mnzathu amene wadwala malungo.

Kwa abambo athu ansembe ndi kwa inu makolo, pempho langa ndi lakuti musanatseke wailesi muyambe mwafunsa kuti woyimbayo ndani ndipo adachita chiyani ndi mphatso imene Mulungu adampatsa. Ena mudzawakana, ndipo tidzakumverani. Koma Irish Tour '74 mukhale nafe pansi timvere limodzi, kenaka tikambirane.