Mbewu sigulitsidwa ndi phokoso

Mwezi wa Meyi ukafika, amalonda a mbewu a ku Pretoria amathamangira ku Bothaville, kuchionetsero cha NAMPO, kukakumana ndi eni minda ikuluikulu. Palibe cholakwika pamenepo. Koma alimi amenewo tonse timawadziwa kale, ndipo timangolandana okhaokhawo. Ogula atsopano ali pakhomo pathu: ku Mamelodi, Soshanguve ndi Atteridgeville, kumene anthu amalima ndiwo kuseri kwa nyumba. Ena mwa iwo ndi Amalawi amene amalakalaka mpiru, bonongwe, nkhwani ndi therere monga zakumudzi.

Anthu ameneŵa tingawafikire kudzera njira iti? Ambiri amayankha msangamsanga kuti Facebook. Ine ndikuti tisayankhe tisanayese. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: uthenga ukhoza kukondedwa ndi anthu zikwi, koma osagulitsa paketi ngakhale imodzi.

Ife a mbewu kuyesa si kwachilendo. Mbewu yatsopano sitiitulutsa tisanaibzale m'timinda toyandikana ndi kuyerekeza zokolola. Nanga bwanji ndalama zotsatsira malonda timangomwaza mwachimbulimbuli? Njira zotsatsira tiziyese momwemonso.

Tisankhe zitatu zokha. Yoyamba, kabenchi pamalo odutsa anthu ambiri monga ku Marabastad, kapena kugwirizana ndi ogulitsa ndiwo amene amapikula ku msika waukulu wa Tshwane. Yachiwiri, magulu a WhatsApp a mipingo ndi a mabungwe othandizana pa maliro, kumene mawu a munthu wodziwika amalemera kuposa chithunzi chokongola. Yachitatu, dimba lachitsanzo pabwalo la tchalitchi kapena la sukulu, kuti anthu adzionere okha. Njira iliyonse ipatsidwe ndalama zofanana ndi nthawi yofanana, ndipo mapaketi ake akhale ndi chizindikiro chawochawo, kuti tidziwe kumene wogula aliyense wachokera.

Nyengo nayo tiisamale. Ku Gauteng mvula imayamba cha mu Okutobala, ndipo chisanu cha mu Juni ndi Julayi chimawotcha therere ndi maungu. Woyesa njira ina m'chisanu, ina m'dzinja, ndiye kuti wayesa nyengo osati njira.

Chofunika kuwerenga ndi ichi: ndi angati abweranso? Mbewu si sopo. Woigula amaiweruza patapita masabata, ikamera kapena ikakana. Choncho mayeso osafika nyengo yachiwiri ndi osakwanira.

Ena adzati timapaketi ting'onoting'ono phindu lake n'lochepa, ndipo ntchito yake njochuluka. Nzoona. Koma tikawanyalanyaza alimi ameneŵa, adzapitiriza kudalira mbewu zomangidwa m'mapepala, zopanda dzina kapena tsiku, zina zobwera pabasi popanda kupimidwa matenda. Ikalephera kumera, mlimi amataya nyengo yonse, ndipo alibe kokadandaula. Bungwe la SANSOR, limene likulu lake lili mu Pretoria momwemuno, limayang'anira ntchito yotsimikiza mbewu, koma chitsimikizocho chilibe phindu kwa mayi wa ku Soshanguve ngati mbewuyo simufikira m'manja.

Mvula isanagwe chaka chino, kampani iliyonse ipatule kandalama kochepa, iyese njira zitatu, ilembe zotsatira moona. Njira yolephera iisiye osachita manyazi. Imene yabweza ogula, imeneyo ndiyo ya kuthirira.