Ophunzira a lendi si mame

Munthu wofika ku Zomba m'mawa wa tsiku la sukulu amakumana ndi mzere wa achinyamata ukutuluka m'tinjira ta ku Chikanda, zikwama zili kumsana, kulunjika ku Chirunga kumene kuli Yunivesite ya Malawi. Madzulo mzere womwewo umabwerera n'kumwazikana m'nyumba za lendi, pakati pa mabanja a ogulitsa makala, akabaza, aphunzitsi a pulayimale ndi agogo amene anabadwira komweko. Wa ku Lusaka sangadabwe nazo, pakuti ophunzira a University of Zambia nawonso adzaza m'nyumba za ku Kalingalinga ndi madera ena ozungulira sukuluyo. Ku Mzuzu nkhani yake ili ku Luwinga. Kulikonse kumene kuli sukulu ya ukachenjede m'chigawo chino, wophunzira ndi munthu wamba akumwera pa mpopi umodzi.

Kale sizinali choncho. Pamene Chancellor College inkasamuka ku Chichiri mu Blantyre kupita ku Zomba mu 1973, ophunzira anali ochepa, ndipo wosankhidwa ankapeza bedi m'hositelo ndi chakudya chophikaphika. Yunivesite inali mudzi paokha, ndipo anthu a m'tauni ankangoiona patali. Lero chiwerengero cha ophunzira chakula kwambiri, koma zipinda zogona sizinakule nacho. N'zokondweretsa kuti ana ambiri, ngakhale a anthu osauka, akufika pamene makolo awo sanafike. Koma walira mvula walira matope, ndipo matope ake ndi funso limene ambiri salifunsa: kodi wophunzira wokhala pa lendi ndi ndani m'mudzi umene wafikamo?

Ophunzira ambiri amayankha mumtima kuti ndi alendo. Anabwerera digiri, kwawo n'kwina, ndipo za m'mudzi ndi za eni mudzi. Amakhala ngati akutsamira mwambi uja wakuti mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Koma mwambiwo unkanena za munthu wogona masiku awiri kapena atatu. Zaka zinayi si mame. Mwana wobadwa panyumba yoyandikana pamene wophunzira akuyamba chaka choyamba amakhala akuthamanga ndi kutumidwa mchere pofika tsiku limene wophunzirayo akuvala mkanjo wa digiri. Kuwonjezera apo, chipinda chija sichikhala chopanda munthu. Wina akatuluka, mnzake amalowa. Kwa mayi wa nyumba ya tsidya lina la mpanda, "ana a sukulu" ndi mnansi mmodzi wosasamuka, amene amangosintha nkhope. Mbiri imene wa chaka chino wasiya ndi imene wa chaka chamawa adzaipeza pakhomo. Choncho wophunzira wa lendi ndi nzika ya mudziwo, ndipo ayenera kusenza gawo lake la mtolo wa mudzi monga amachitira wina aliyense.

Palibe pamene izi zimaonekera bwino kuposa pa maliro. M'midzi ndi m'makomboni a ku Malawi ndi ku Zambia, zovuta zikagwa, nyumba zonse zoyandikana zimadziwa chochita popanda wouza. Wayilesi imazimitsidwa. Pamsewu pamaikidwa masamba, wapanjinga amatsika, wagalimoto amayenda pang'onopang'ono. Amayi amasonkha ufa ndi ndiwo, abambo amabweretsa nkhuni ndi kugona panja pa siwa, ndipo mbale ya chipepeso imayenda khomo ndi khomo. Tsono pakati pa zonsezi pakamveka nyimbo za chisangalalo kuchokera m'nyumba ya ophunzira, kapena gulu likadutsa pa siwa likuseka mokweza, bala lake silipola msanga. Anthu sadandaula chifukwa cha ndalama imene sinaperekedwe. Amadandaula chifukwa aona kuti achinyamatawo sawawerengera ngati anthu.

Chodabwitsa n'chakuti wophunzira yemweyo amaudziwa mwambowu. Kwawo ku Ntcheu, ku Katete kapena ku Mulanje sangayerekeze kuimba nyimbo maliro ali pafupi. Sanaiwale mwambo, wangouika m'sutikesi poganiza kuti udzagwira ntchito pa holide. Komatu zimene mudzi ukufuna kwa iye n'zochepa: kuzimitsa choimbira, kukhala pansi pa siwa kanthawi, kugwira chanza anamfedwa, ndi kuponya kangachepe m'mbale ngati kalipo. Wokhala ndi mayeso mawa lake angathe kukhuza theka la ola n'kupita, ndipo palibe amene angamunene.

Wina angafunse kuti phindu lake n'chiyani. Yankho limabwera usiku. Wophunzira akadwala malungo aakulu pakati pa usiku, makolo ake ali ku Karonga kapena ku Chipata, amene amadzuka ndi kufuna galimoto yomutengera kuchipatala ndi bambo wa nyumba yoyandikana. Mbala zikathyola zenera pofuna laputopu, amene amatuluka ndi zibonga atamva kukuwa ndi anyamata achitetezo cha m'mudzi. Pa holide, chipinda chikatsekedwa miyezi iwiri, maso amene amachiyang'anira ndi a mayi wogulitsa mandasi pakhonde. Anthu amathamangira kukuwa kwa munthu amene akumudziwa dzina. Mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako. Moni wa m'mawa uliwonse ndi chitetezo chimene loko wa pachitseko sangapereke.

Pambali pa maliro pali tinthu ta tsiku ndi tsiku timene timamanga kapena kupasula unansi. Nyumba imene inamangidwira banja limodzi ikagawidwa tizipinda n'kulowa anthu khumi ndi awiri, chimbudzi chimakhala chimodzi chomwecho, dzenje la zinyalala limodzi, ngalande imodzi. Madzi ochapira ndi majumbo sizidziwa malire a puloti. Zimatsetserekera pakhomo pa mnansi wa kumunsi. Iyi si nkhani ya ukhondo wa maso okha. Kolera amene anabuka ku Malawi mu Marichi 2022 anapha anthu oposa 1,700, ndipo ku Lusaka, mu Januwale 2024, bwalo la masewero la National Heroes linasanduka chipatala cha odwala matendawa, sukulu n'kuchedwa kutsegulidwa. Kachilombo ka kolera sikafunsa ngati munthu akuphunzira zamalamulo. Wophunzira amene amadziwa bwino kuposa anansi ake momwe matendawa amafalira, koma osatuluka ndi khasu tsiku lolambula ngalande, maphunziro ake amathera pa pepala.

Pali ndi nkhani ya ngongole. Mwini okala amapereka sugar, sopo ndi mazira pa ngongole chifukwa chokhulupirira kuti ndalama zikabwera adzalipidwa. Mayi wophika nsima ndi usipa amalemba mayina m'kope. Mpamba wawo ndi wochepa, ndipo wophunzira mmodzi akathawa usiku temu ikatha, fizi ya mwana wa mayiyo yapita. Chaka chotsatira kope lija limatsekedwa, ndipo wophunzira wina wokhulupirika, amene ndalama zake zachedwadi, amagona ndi njala chifukwa cha mnzake amene sanamuonepo.

Chinthu china chimene ophunzira ambiri sachiona n'chakuti kubwera kwawo kwasintha mtengo wa nyumba. Eni nyumba anazindikira kuti kulipiritsa pa mutu kumapindula kuposa kubwereketsa nyumba yonse kwa banja limodzi. Motero mabanja ena amene anakhala zaka pamalopo amauzidwa kuti asamuke, kapena lendi imakwera mpaka kuwathamangitsa yokha. Wophunzira sanalakwe pofuna pogona. Mlanduwu ndi wa eni nyumba ndi wa boma limene silinamange mahositelo okwanira. Koma kudziwa kuti bedi limene akugonapo lili m'chipinda chimene munkagona ana a wina kuyenera kumupatsa kudzichepetsa, osati matama.

Kunena zonsezi sikutanthauza kuti ophunzira alibe madandaulo. Ali nawo, ndipo ndi oona. Ambiri amakhala ndi kandalama kochepa ka ngongole ya boma kapena ka makolo olima fodya ndi chimanga, ndipo pamene kwacha ya Malawi inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, lendi, makala ndi ufa zinakwera pamodzi, thumba la wophunzira lili pomwepo. Alipo eni nyumba amene amaunjika anthu anayi m'chipinda chopanda zenera, amakweza lendi pakati pa temu, amatolera ndalama ya magetsi koma osagula mayunitsi. Alipo ogulitsa amene ali ndi mitengo iwiri, wa anthu ndi wa ana a sukulu. Choopsa kuposa zonse, atsikana obwera ku laibulale usiku amazunzidwa m'tinjira tamdima, ndipo ena amavutitsidwa ndi eni nyumba omwewo lendi ikachedwa. Mudzi umene umafuna ulemu kwa ophunzira koma n'kumatseka maso pa zoterezi ulibe pakamwa podandaulira. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ndalama za lendi, za nsima, za kabaza ndi zochapitsa zovala zamanga nyumba za malata ku Chikanda ndi ku Kalingalinga. Amene akudya za ophunzira ayenera kuwasunga ngati ana awo.

Komabe kulakwiridwa ndi mwini nyumba si chilolezo cholakwira mnansi. Gogo amene sagona chifukwa cha phokoso la Lachisanu usiku si amene anakweza lendi. Ndipotu wophunzira amene amadziwika kwa mfumu ndi kwa anansi ndi amene amapeza mboni tsiku limene mwini nyumba wamutayira katundu panja. Wodzipatula amaweruzidwa yekha. Ngakhale phokoso lili ndi mbali ziwiri: monga wophunzira ayenera kukumbukira kuti kuseri kwa khoma kuli khanda ndi mlonda wogona masana, mwini bala ndi mpingo wa mapemphero a usiku wonse ayenera kukumbukira kuti sabata ya mayeso ndi nthawi yokolola ya achinyamatawa. Anthu opatsana moni amatha kupemphana zoterezi popanda kutengerana kupolisi.

Makolo ananenanso kuti mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. Ngati ophunzira akufunadi dzina la mlendo, atenge mwambi uwu. M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, a Chikwakwa Theatre ku University of Zambia ndi a Travelling Theatre ku Chancellor College ankayenda mitunda italiitali kukachita zisudzo m'midzi, m'zilankhulo za anthu, pofuna kuti maphunziro a ku yunivesite afike kwa anthu wamba. Ophunzira a lero safunika lole kapena basi. Anthu wamba ali kuseri kwa khoma. Pali mtsikana wa Fomu 4 amene masamu akumusautsa mayeso a MSCE ali pafupi. Pali mayi wamasiye amene achibale a mwamuna wake akumulanda nyumba, wosadziwa kuti malamulo amamuteteza ndiponso wosadziwa khomo logogoda. Pali bambo amene sadziwa kulemba fomu ya pa intaneti, ndi gulu la banki m'khonde limene mabuku ake asokonekera. Ola limodzi pa sabata la wophunzira mmodzi lingasinthe zambiri pakhomo loterolo. Ndipo mwana wa m'komboni amene waona mkulu wa nyumba yoyandikana akuwerenga usiku, namuyankhula mwaulemu, amayamba kukhulupirira kuti geti la yunivesite lingamutsegukire nayenso.

Kalumoko kagwiritsidwe ntchito modzichepetsa. Palibe chimene chimapweteka anthu ngati mnyamata wa chaka chachiwiri wowayankha m'Chingerezi pa mpopi, kapena wotcha eni dera "anthu a kumudzi" pamene iye mwini anabwera ndi thumba la ufa wa kumudzi. Mayi amene amadziwa kulera ana asanu ndi phindu la tomato ali ndi maphunziro amene sapezeka m'kalasi, ndipo wophunzira za chuma angapindule atakhala naye pansi.

Akuluakulu a mayunivesite ndi mabungwe a ophunzira nawo asasambe m'manja ngati kuti udindo wawo umathera pa geti. Sabata yolandira ophunzira atsopano isamangoonetsa laibulale ndi makalasi. Mafumu ndi atsogoleri a madera oyandikana aziitanidwa kuti adziwane ndi anthu amene adzakhale nawo. Pakhale kaundula wa nyumba zoyenera kugonamo anthu, ndi khomo lodziwika kumene wophunzira wozunzidwa kapena mnansi wosautsidwa angakadandaule. Izi sizifuna ndalama zambiri ngati kumanga hositelo, ngakhale mahositelowo akufunikabe.

Ophunzira amene akudutsa m'tinjira ta Chikanda lero ndi amene mawa adzakhale oweruza, madokotala, ma DC ndi aphungu. Adzagamula milandu ya malo, adzagawa mankhwala, adzalemba ndondomeko za madzi ndi nyumba za anthu ngati omwewo amene akukhala nawo tsopano. Amene anakhala zaka zinayi pakati pa anthu osauka osadziwa dzina la mnansi ngakhale mmodzi, n'zokayikitsa kuti adzawakumbukira ali mu ofesi. Koma amene anagonapo pa siwa ya ku Chikanda, nalambula ngalande ndi anyamata a kabaza, nalipira ngongole yake ya pa okala asanakwere basi yobwerera kwawo, adzakhala ataphunzira kanthu kamene sikalembedwa pa digiri. Anthu a m'deralo adzamukumbukira ndi dzina, ndipo chipinda chimene wasiya chidzalandira mnzake ndi manja awiri.