Mkango ukhale m'kaseweredwe, osati m'khola

Mayunivesite ena a ku America amabwera ndi nyama yamoyo kubwalo la masewera. Ku Texas, ng'ombe ya nyanga zazitali yotchedwa Bevo idayamba kuonekera mu 1916, ndipo ikafa kapena kukalamba amapeza ina n'kuipatsa dzina lomwelo. Louisiana State University idagula chilombo cha ku Asia chija chotchedwa tiger mu 1936, n'kuchitcha Mike. Ku Georgia ali ndi galu, Uga, kuyambira 1956.

Ine mwambowu sindigwirizana nawo. Pa 1 January 2019 ku New Orleans, masewera asanayambe, Bevo adakankha zotchinga n'kulunjika pomwe padali Uga, ojambula zithunzi n'kubalalika chothawa. Nyama yozunguliridwa ndi ng'oma, magetsi ndi chikhamu chokuwa imachita mantha, ndipo yamantha ndiyo imapweteka munthu. Louisiana idasiya kutengera Mike kubwalo, koma mu November 2024 bwanamkubwa wa Louisiana, Jeff Landry, adaumirira, mpaka tiger wina adabwera m'khola kuchokera ku Florida. Usiku womwewo timu ya Alabama idakwapula Louisiana 42-13.

Ife okhala ku Syokimau, ku Kenya, mkango sitiuona ngati chidole. Nairobi National Park ili kutsidya kwa Mombasa Road, ndipo mu March 2016 mkango udatuluka m'pakiyo n'kuvulaza bambo wina pamsewu womwewu. Nchifukwa chake ndimayamikira kuti matimu a rugby a mayunivesite akuno, Strathmore Leos ndi Daystar Falcons a ku Athi River, nyama zawo zidathera pa dzina.

Komatu dzina ndi ngongole. Ukadzitcha mkango, monga a Leos, tchinga ngati mikango ikamasaka. Mu rugby ya anthu asanu ndi awiri bwalo ndi lalikulu, chigawo chilichonse ndi mphindi 7 zokha, ndiye mnyamata mmodzi akatengeka n'kuthamangira yekha wa mpira, amasiya mpata woti n'kudutsapo minibasi. Mzere uzikwera pamodzi, wa kumphepete atseke njira, mdani akankhidwire kumzere wotulukira. Akagwa, woyamba kufika aime pa miyendo yake n'kulanda mpira anzake a wogwayo asanafike. Ntchito imeneyi siikopa makamera, ndiye achinyamata ambiri amaithawa, n'kumalota zothamanga okha mpaka kukagoletsa.

Kumbukirani April 2016 ku Singapore, pomwe Shujaa, timu ya Kenya ya mphunzitsi Benjamin Ayimba, idagonjetsa Fiji 30-7 mu fainolo. Fiji, akatswiri oponyerana mpira, sadapatsidwe mpata wopuma, ndipo adakapumulira asadagoletse n'kamodzi komwe.

Aphunzitsi a Leos ndi Falcons, chonde patulani theka la nthawi yokonzekera kuti anyamatawa aziphunzira kugwetsa mdani ndi kulanda mpira pansi. Mikango isiyeni m'paki.