Phunziro likayambira kunyumba, mwana wamkazi apeza kuti nthawi?

Amayi anzanga a ku Ludzi, pali kaphunzitsidwe kena kamene kakutchuka m'masukulu ndi m'makoleji, ndipo ndi bwino kakupezeni mukukadziwa. Pa Chingerezi amati flipped classroom, kutanthauza kalasi yotembenuzidwa. Ife tinazolowera kuti mphunzitsi amafotokoza mutu watsopano m'kalasi, mwana n'kupita kunyumba ndi ntchito yoti akalembe yekha. Njira iyi imasinthanitsa zinthu. Mwana amayamba wawerenga, kumvera kapena kuonera phunzirolo kunyumba, ndipo nthawi ya m'kalasi imakhala yofunsa mafunso, kuyeserera ndi kukonzedwa pamene walakwitsa.

Anaitchukitsa ndi aphunzitsi awiri a sayansi, Jonathan Bergmann ndi Aaron Sams, a pasukulu ya Woodland Park ku Colorado, m'dziko la America. Mu 2007 anayamba kujambula maphunziro awo pa vidiyo kuti ana ojomba asatsalire. Kenaka anazindikira kuti mwana amafuna mphunzitsi kwambiri pamene funso lamukanika, kuposa pamene akungomvetsera.

Ine ndimaphunzitsa unamwino ndi uzamba, ndipo njirayi ndimaivomereza. Wophunzira akawerengeratu za mayi wotaya magazi ambiri atabereka, tikalowa m'chipinda choyeserera timangofikira pa chidole: kusisita chiberekero, kuyeza kuthamanga kwa magazi, kuitana thandizo msanga. Amene sanawerenge amaima kumbuyo kwa anzake, manja m'thumba. Kumbukirani kuti mayi amene adzagone pabedi la namwino ameneyu akhoza kukhala mwana wanu.

Komatu ophunzira athu amagonera pakoleji, amapeza nsima yophikaphika ndipo magetsi alipo. Nawonso atsikana a pa Ludzi Girls ali ndi nthawi yowerenga yoikika. Nanga mtsikana wa ku pulayimale kapena ku sekondale yoyendera? Akaweruka pali madzi oti atunge, nkhuni, mbale, mwana woti abereke, ndipo m'nyengo yake pali fodya wosoka ndi mtedza wothothola. Akamatsegula buku kunja kwada. Kalembera wa 2018 anapeza kuti pafupifupi banja limodzi lokha mwa mabanja 10 ndi limene limaunikira magetsi m'dziko muno. Mwana wotere akafika m'kalasi m'mene anzake awerengeratu, amakhala ngati mlendo, ndipo mapeto ake amayamba kudziona ngati mbuli.

Tinazionapo kale. Sukulu zitatsekedwa pa 23 Malichi 2020 chifukwa cha Covid-19, maphunziro anapita pa wailesi ndi pa intaneti. Anapindula ndi ana amene kwawo kunali wailesi, mabatire ndi kholo lowapatsa mpata. Atsikana ambiri sanabwererenso kusukulu chifukwa cha mimba ndi maukwati, ndipo ife azamba tinakumana nawo kusikelo.

Choncho maganizo anga ndi akuti njirayi tisaikane, koma tidziwe kuti ikuika theka la sukulu pakhomo pathu, m'manja mwa inu ndi ine. Mpatseni mwana ola limodzi dzuwa lisanalowe, ndipo ola limenelo musamutume. Ntchito zigawidwe: mnyamata sathyoka mkono akatsuka mbale kapena kupita kumjigo. Mukagulitsa soya kapena mtedza, patulani ya nyali ya sola chitenje chatsopano chisanakukopeni. Ngati nyali palibe, ana a mumphakati umodzi akhoza kuwerengera pamodzi pakhomo pamene ilipo, mayi mmodzi akuwayang'anira mosinthana.

Musati ine sindinapite kusukulu. Mufunseni mwana kuti, "Mawa mukaphunzira chiyani? Tandiuza." Akakufotokozerani m'Chichewa inu mukusenda mbatata, ndiye kuti phunziro lalowa.

Pamsonkhano wa makolo ndi aphunzitsi musangokhala kumbuyo n'kuwasiyira abambo. Imirirani mufunse ngati ana akuloledwa kupita ndi mabuku kunyumba. Pemphani kuti zowerengeratu zizikhala m'buku kapena papepala, chifukwa si banja lililonse lili ndi foni ya WhatsApp ndi ndalama ya bandulo. Pemphaninso kuti mwana amene wabwera osawerenga ayambe wafunsidwa chifukwa chake asanapatsidwe chilango. Mwina usiku wonse anali kudwazika agogo ake.

Pamsonkhano wa amayi wa mwezi uno, tiyeni tiwerenge makomo a mumphakati mwathu amene ali ndi ana asukulu koma alibe nyali, ndipo tiyambire pamenepo.