Mankhwala atha, koma nsalu za chipani sizikutha

A Mkonzi,

Ndipatseniko danga m'nyuzipepala yanu nditulutse zimene zandikhala pakhosi kuyambira mwezi wathawu.

Mayi anga ali ndi zaka 71, ndipo amadwala matenda othamanga magazi ndi a shuga. Tsiku lawo lokatenga mankhwala litakwana tinalawira m'bandakucha pa kabaza, koma pofika pachipatala chaching'ono cha kwathu tinapeza mzere utafika kale pamtengo wa mango. Anamwino anawayeza bwinobwino nalemba m'kabuku kawo ka kuchipatala. Titafika pa windo la mankhwala, mnyamata wa pamenepo anayang'ana kabukuko, napukusa mutu nati, "Agogo, awa kulibe, mukagule kufamase." Anatipatsa Panado m'kapepala. Mayi anamasula mfundo ya pachitenje pamene amasungira ndalama, n'kuwerenga kawiri konse, ndipo zinangokwanira mankhwala a masabata awiri. Chimene sindinadziwe n'chakuti atafika kunyumba anayamba kudula mapiritsi aja pakati ndi lezala kuti awafikitse kumapeto kwa mwezi. Sabata yachitatu anagwa akuchokera kumjigo. Titaimba foni kupempha ambulansi yoti iwatengere kuchipatala chachikulu, anatiyankha kuti galimoto ilipo, dalaivala alipo, koma mafuta mulibe, ndipo tikapeza malita khumi ibwera. Tinagulitsa mbuzi usiku womwewo pamtengo wolira.

Patangopita masiku anayi, pabwalo la sukulu ya m'dera lathu panachitika msonkhano wa ndale. Malole anatuta anthu kuchokera m'midzi yakutali, amayi analandira nsalu, achinyamata analandira za sopo, ndipo mdipiti wa galimoto unadzutsa fumbi pamsewu womwe ambulansi ija inalephera kuyendapo. Zina mwa galimotozo zinali za manambala a MG, ndiye kuti mafuta ake tinalipira ndife pa msonkho. Chipani chake sinditchula, poti pa moyo wanga ndaona nsalu yachikasu, yabuluu, yalalanje ndi ya tambala wakuda zikuvalidwa pabwalo lomwelo, ndipo yankho la pa windo la mankhwala silinasinthe.

Ndikudziwa kuti chuma chavuta, ndine mlimi ndipo mtengo wa thumba la feteleza ndimaudziwa. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Namondwe Freddy anasesa midzi, milatho ndi zipatala kum'mwera mu Malichi 2023. Mankhwala ambiri timagula kunja ndi madola, choncho kwacha ikagwa, ndalama yomwe aphungu anavomereza mu bajeti imagula mabokosi ochepa ngakhale nambala yake ikuoneka yaikulu papepala. Kuonjezera apo, kumayambiriro kwa 2025 boma la America linaimitsa thandizo lambiri la USAID, pamene gawo lalikulu la ndalama za zaumoyo m'dziko muno, makamaka za ma ARV, malungo ndi TB, limachokera kwa abwenzi akunja. Zonsezi sindikuzikana. Koma pakhomo pakalowa njala m'pamene pamaonekera chimene mwini nyumba amachikonda. Kholo lanzeru limayamba lasiya mowa ndi maulendo, phala la mwana wodwala limakhala lomaliza kulikhudza. Boma lathu limayambira kuphala.

Mu 2001 atsogoleri a mu Africa anasonkhana ku Abuja nalonjeza kuti 15 peresenti ya bajeti izipita ku zaumoyo. Malawi ali m'gulu lomwelo, koma zaka zambiri ndalama ya zaumoyo imaperewera pamenepo, ndipo tikafunsa amati envelopu ndi yaing'ono. Envelopu yomweyo inapeza malo okwezera thumba la chitukuko cha m'madera a aphungu, la CDF lija, kuchoka pa K40 miliyoni kufika pa K100 miliyoni mu 2022, kenako K200 miliyoni mu 2024. Inapezanso malo ochulukitsira mipando ya ku Nyumba ya Malamulo kuchoka pa 193 kufika pa 229. Amenewo ndi aphungu 36 oonjezera, aliyense ndi malipiro ake, mafuta ake ndi ma alawansi ake, m'dziko lomwe mzamba mmodzi amagona yekha ndi amayi oyembekezera odzaza chipinda. Pa nkhani ngati zimenezi a boma ndi otsutsa samenyana, mavoti amayenda mwachangu.

Ena adzati ndikunyoza boma lomwe lilipo, ena adzati ndikuteteza lomwe linachoka. Tiyeni tikumbutsane. Mu 2009 kunagulidwa ndege ya pulezidenti ya madola oposa 20 miliyoni, mpaka Britain inadulako thandizo lake. Mu 2013 kunabuka Cashgate, mabiliyoni anatuluka ku Capital Hill kulipira makampani omwe sanagwire ntchito iliyonse, abwenzi akunja anasiya kuthira ndalama mu bajeti, ndipo amene analawa ululu wake anali odwala. Mu 2021 kafukufuku wa K6.2 biliyoni ya Covid-19 anaonetsa ndalama zambiri zitathera ku ma alawansi ndi kugula zinthu mosatsata ndondomeko, nduna imodzi mpaka inachotsedwa. Mu 2022 K750 miliyoni ya feteleza inatumizidwa ku kampani ya ku Britain yogulitsa nyama. Nthawi yomweyo kolera anali akufalikira, ndipo pofika mu 2023 anali atapha anthu oposa 1,700, mliri wa kolera woopsa kuposa wina uliwonse m'mbiri yathu. Kolera ndi nthenda ya madzi oipa ndi zimbudzi, mankhwala ake ndi thanzi ORS, dilipi ndi klorini, zinthu zotsika mtengo kuposa matayala a galimoto imodzi ya mu mdipiti. Zipani zitatu zosiyana zinali pampando m'zaka zimenezi. Chilichonse chikakhala kunja chimajambula zithunzi za mashelefu opanda kanthu, chikalowa m'boma chimati tinapeza nkhokwe zili gwaa.

Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti opanga ziganizozi sagona pa mabedi amenewa. Kamuzu Banda anamwalira m'chipatala cha ku Johannesburg mu 1997. Kuyambira pamenepo akuluakulu athu akangomva kuti m'thupi simuli bwino amakwera ndege kupita ku South Africa kapena ku India. Munthu amene sanakhalepo gadiyani, kugona pasimenti pansi pa bedi la mayi ake ndi kuphika pamafuwa kuseri kwa wodi, kudula bajeti ya chakudya cha odwala amakuona ngati kusuntha manambala chabe.

Anamwino ndi madokotala sindiwaimba mlandu wonse. Alipo akuba mankhwala, timawaona mankhwala a boma akugulitsidwa pamisika, ndipo amenewo amangidwe. Koma namwino amene anasamala mayi anga usiku uja anaunikira ndi tochi ya pafoni yake pobaya dilipi chifukwa jenereta inalibe dizilo, ndipo anali yekha kuyambira madzulo mpaka kutacha. Anthu akakwiya amatukwana iyeyo, poti ndiye amene ali pafupi.

Pempho langa ndi ili. Ndalama ya mankhwala, mafuta a ambulansi ndi chakudya cha odwala ituluke ku Treasury mwezi uliwonse isanatuluke ya maulendo ndi misonkhano ya kunyanja, ndipo ngongole za boma ku Central Medical Stores Trust ndi kuzipatala za CHAM zilipiridwe pa nthawi yake, chifukwa kumidzi yambiri chipatala cha mishoni ndicho chokha chimene anthu angafikeko wapansi. Pakhomo pa chipatala chilichonse pamatidwe pepala la m'Chichewa losonyeza mankhwala amene abwera, tsiku limene abwera ndi kuchuluka kwake, kuti komiti ya m'mudzi iziwerenga yokha. Lamulo la zipani la 2018 linaletsa kugawa ndalama ndi mphatso pokopa mavoti, ndiye ligwire ntchito kwa onse, ndipo galimoto za MG zisaonekenso pamsonkhano wa chipani. Inunso atolankhani, bajeti ikawerengedwa musamangotiuza mabiliyoni amene alonjezedwa. Bwererani pakatha miyezi isanu ndi umodzi mukafunse kuti zafika zingati kumaboma.

Mayi anga anatuluka m'chipatala, koma dzanja lamanzere silikugwira ndipo khasu alisiya. Tsiku lawo lina lokatenga mankhwala ndi Lachiwiri likudzali. Mbuzi zatsala ziwiri.

Mlimi wodandaula,
Chigawo cha Pakati