Wodwala maganizo akatuluka m'chipatala apite kuti?

Mlongo wanga atadwala matenda a maganizo anagonekedwa milungu isanu pachipatala china. Tsiku lotuluka anamupatsa mapiritsi a mwezi umodzi ndi kapepala ka tsiku lodzabweranso. Kunyumba tinamuphera nkhuku, koma usiku tulo tikamuthawa panalibe mmodzi wa ife wodziwa choyankhula naye. Tsiku la pakapepala litakwana anakhala pamzere m'mawa wonse, n'kuonana ndi dokotala mphindi zisanu. Miyezi inayi isanathe tinali titamubwezanso komweko, manja titawamanga ndi chitenje.

Anamwino sindikuwaimba mlandu, ntchito imawachulukira. Ndikutsutsa maganizo amene tawazolowera ku Malawi, akuti wodwala maganizo ali ndi njira ziwiri zokha, kugonekedwa kapena kungolandira mankhwala. Chipatala chachikulu cha boma cha matendawa chili ku Zomba, ndipo munthu wa ku Chitipa kapena ku Nsanje akagonekedwa kumeneko amasiya ana, munda ndi geni.

Njira yachitatu ilipo. Wodwala amagona kwawo, koma masiku atatu kapena anayi pa sabata amabwera kuchipatala kwa maola angapo. Amakhala pagulu la anzake ochepa pamodzi ndi mlangizi, kuphunzira kuzindikira zizindikiro zoti matenda akubwerera ndi kuthana ndi ngongole, mowa, maliro kapena mikangano ya m'banja. Kamodzi pa sabata amakhala awiriwiri ndi mlangizi, ndipo mankhwala amaunikidwanso. Ku America chithandizo chotere chimakhala cha maola osachepera 9 pa sabata.

Ena akuti kuchiza ndi mawu n'zachizungu. Afunse ku Uganda, komwe kafukufuku wa mu 2003 m'midzi ya ku Rakai ndi Masaka anaonetsa kuti uphungu wa pagulu wa milungu 16 unachepetsa kwambiri matenda a kukhumudwa. Afunsenso ku Harare, komwe Dr Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench mu 2006 ku Mbare. Agogo ophunzitsidwa amakhala ndi munthu pabenchi kasanu n'kamodzi, kenako munthuyo amalowa m'gulu la anzake. Mu kafukufuku wa mu 2016, patatha miyezi isanu ndi umodzi, pafupifupi 14 mwa 100 a anthu a pabenchi anali adakali ndi zizindikiro za kukhumudwa, pomwe mwa amene analandira chithandizo cha nthawi zonse linali theka. N'zoona kuti benchi ndi ya matenda ocheperako, koma yatsimikiza kuti Mwafirika amachira poyankhula.

Ena akuti tilibe madokotala okwanira. Tinalibenso mu 2004 pamene ma ARV anayamba kuperekedwa ulere. Tinaphunzitsa anamwino ndi makilinikolo ofesala, tinapanga magulu a anthu amene ali ndi HIV, ndipo anthu amene tinkawasemera mabokosi lero akulera zidzukulu. Chimene chinatheka pa HIV chalephereka bwanji pa maganizo?

Nkhawa yokhayo yomveka ndi ya miseche. Pamudzi pathu nkhani siigona, ndipo dzina loti wamisala likakumata silichoka msanga. N'chifukwa chake gulu limafunika lamulo losunga chinsinsi, ndipo zimene munthu sangaulule pagulu amakazinena kwa mlangizi ali awiri. Koma pagulu m'pamene bambo wodziyesa wolodzedwa amamva mnzake akufotokoza usiku wonga wake, n'kudziwa kuti ndi matenda ndipo ena achirapo. Kali kokha n'kanyama.

Wodwala amene akufuna kudzipha kapena kuvulaza ena amafunikadi bedi, zimenezo sindikukana. Ndikukana kuti bedi ndi mapiritsi zikhale zonse. A Unduna wa Zaumoyo, yambani ndi chipinda chimodzi pachipatala cha boma lililonse, mipando khumi ndi iwiri, ndi antchito awiri osasunthidwira kuntchito ina. Kenako magulu afike kuzipatala zazing'ono, kuti ndalama ya minibasi isamalepheretse anthu kubwera.

Mlongo wanga tsopano akugulitsanso tomato pamsika. Mwezi ndi mwezi amapita kukatenga mapiritsi ake, ndipo mpaka lero alibe womufunsa kuti usiku wapita anagona bwanji.